Linki si nkhokwe: nkhani yabwino isungeni kwanu



Lero ndati tikambirane za chizolowezi chimene ambirife tili nacho. Tikapeza nkhani yabwino pa intaneti, kaya ya kusintha kwa nyengo, kaya ya mbiri ya John Chilembwe, timati "ndiwerenga ndikapeza mpata." Ndiye timasunga linki, kapena kudzitumizira pa WhatsApp, mtima n'kukhala m'malo. Koma ine ndikuti pamenepo sitinasunge kanthu. Linki ndi keyala chabe, imangotiuza kumene nkhaniyo ikukhala lero. Mwini nyumba akasamuka, keyala ija yatha ntchito.

Musaganize kuti ndikungokuopsezani. Mu 2024 bungwe lochita kafukufuku la Pew Research Center ku America linapeza kuti mwa masamba 100 aliwonse amene anali pa intaneti mu 2013, masamba 38 sankatsegukanso patatha zaka 10. Ganizirani laibulale ya pasukulu panu itataya mabuku ochuluka chotere. Mwenzi ahedi ataitanitsa msonkhano wa makolo.

Wina anena kuti, "Ine aphunzitsi ndimasunga pa app yopangidwira zomwezo." Chabwino, koma mverani za Pocket. App imeneyi inayamba mu 2007 ndi dzina loti Read It Later, ndipo ntchito yake inali yomweyi, kusungira anthu nkhani zoti awerenge nthawi ina. Mozilla, eni ake a Firefox, anaigula mu 2017. Pa 8 Julaye 2025 anaitseka. Anthu anapatsidwa miyezi yochepa kuti achotse zawo, ndipo chimene anatuluka nacho chinali mndandanda wa malinki. Nkhani zenizenizo sizinalimo. Si koyamba izi kuchitika: Yahoo inatseka GeoCities mu 2009, Google inatseka Google Reader mu 2013. Kampani si mbale wako. Ikaona kuti chinthu sichikuipindulira imatseka, osakufunsa ngati wamaliza silabasi.

Inde, kuli Wayback Machine ya Internet Archive, imene yakhala ikuthandiza anthu kupeza masamba akale kuyambira 2001. Ndi ntchito yotamandika, koma sikuti inasunga tsamba lililonse. Mu Okutobala 2024 akathyali a pa intaneti anaisokoneza mpaka inatsekedwa kwa masiku angapo. Ndipo kuti muifikire mufunikabe netiweki ndi bandulo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife kuno kwathu. Nkhani ikhoza kukhalapo ndithu, koma inuyo osaifikira. Bandulo yatha pa 20, malipiro akadali kutali. Netiweki imagwira pansi pa mtengo umodzi kuseri kwa ofesi. Kodi ana a Fomu 4, mayeso a MSCE ali pakhomo, mungawauze kuti "dikirani tsamba litseguke"? Komanso kutsegula nkhani imodzimodzi kasanu ndi kuilipira kasanu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Nanga tichite bwanji? Sizovuta.

Choyamba, nkhani ikakusangalatsani isungeni nthawi yomweyo ngati PDF. Pa kompyuta sankhani Print, kenako Save as PDF. Pa mafoni ambiri njira yomweyi ilipo mukadina Share. Mukatero itseguleni mutazimitsa data, muone ngati mawu ndi zithunzi zonse zalowa.

Chachiwiri, ipatseni dzina lomveka: mutu wake, kumene yachokera ndi tsiku limene mwaisunga. Fayilo yotchedwa "document 17" ili ngati thumba la m'nkhokwe losadziwika kuti muli chimanga kapena gaga. Pangani mafoda potsata phunziro ndi kalasi.

Chachitatu, sungani malo awiri. Foni imabedwa, laputopu imafa, ndipo fulashi yozungulira sitafu yonse imatola mavairasi. Kamodzi pa mwezi koperani foda yonse pa fulashi kapena memori khadi imene simubwereketsa.

Amene muli ndi makompyuta pasukulu, funsaninso za Kiwix. Ndi pulogalamu yaulere imene imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti mukaikopera kamodzi.

Ndikudziwa otsutsa alipo, ndipo mfundo zawo si zachabe. Amati nkhani yosungidwa imakalamba. Zoona, n'chifukwa chake ndati mulembe tsiku. Chiwerengero cha anthu cha kalembera wa 2008 si choti mupatse ana ngati chatsopano pamene kunachitika wina mu 2018. Amatinso tingounjika mafayilo osawerenga. Izinso n'zoona. Koma kusunga PDF kumafuna kamphindi, ndipo kamphindi kameneko kamakufunsa kuti, kodi iyi ndiifunadi? Linki ndiye timangotola ngati mango a pansi. Pomaliza pali nkhani ya umwini. Kusunga kuti uwerenge ndi kukonzekera phunziro n'kosiyana ndi kuchotsa dzina la wolemba, kupanga fotokope n'kumagulitsa ngati pamfuleti yako. Dzina la mwini nkhani lizikhalapo nthawi zonse, ana aphunzire kwa ife kuti ntchito ya munthu imalemekezedwa.

Inu ana anga amene muli ku koleji, izi zikukhudzani kuposa ife. Nkhani iliyonse imene mwaitchula mu asayimenti mukhale nayo m'foda mwanu, kuti alekichala akafunsa musayambe kukanda m'mutu.

Kwa aphunzitsi anzanga pempho langa ndi ili: temu ino dipatimenti iliyonse ikhale ndi foda imodzi ya nkhani zosankhidwa bwino, aliyense aziponyamo zake. Mphunzitsi akasamutsidwa, foda izitsala pasukulu, wobwera kumene apeze poyambira.