Khonsolo ya pa Foni ndi Ziyankhulo Zathu: Nkhani ya ku Ledig

Mudzi wa Ledig uli m'tsinde mwa mapiri a Pilanesberg, pafupi ndi Sun City, m'chigawo cha North West ku South Africa. Eni ake ndi Abakubung, amene boma la tsankho lidawasamutsira kumeneko m'zaka za m'ma 1960. Lero, chifukwa cha migodi ya platinamu, kuphatikizapo mgodi wa Bakubung umene kampani ya Wesizwe idakumba pakhomo pawo penipeni, m'deralo mumamveka Chitswana, Chizulu, Chixhosa ndi Chitsonga, ndipo munthu woyenda m'makomboni a ku Rustenburg salephera kumva Chicheŵa cha ana a kwathu. Mudziwu uli pansi pa khonsolo ya Moses Kotane, imene likulu lake lili ku Mogwase. Monga makhonsolo ena onse a dzikolo, khonsoloyi ikuyembekezeka kufikira anthu ake kudzera pa intaneti ndi pa foni. Funso limene ndifuna tiliganizire ndi ili: kodi munthu wosaona kapena wosamva wa ku Ledig akagogoda pa khomo latsopanoli, adzayankhidwa m'chiyankhulo chanji?

Malamulo alipo, ndipo si osoŵa. Ndime 6 ya Malamulo Aakulu a dziko a 1996 imati makhonsolo aziganizira ziyankhulo zimene anthu awo amayankhula ndi kuzikonda. Lamulo lotchedwa Municipal Systems Act la 2000 limati pokonza njira zomvera maganizo a anthu, khonsolo isaiŵale osadziŵa kulemba ndi kuŵerenga ndiponso olumala. Lamulo lomwelo limafuna kuti khonsolo ikhale ndi tsamba lake pa intaneti. Mu 2007 South Africa idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo Malaŵi adatero mu 2009. Koma tikamakamba za malamulo ameneŵa, ambiri amaganiza za masitepe, zikuku ndi kukula kwa zilembo. Ine ndikuti vuto lalikulu la ntchito za boma za pa intaneti ndi vuto la chiyankhulo, ndipo popeza ndi la chiyankhulo, ndi lathu ife ophunzira ziyankhulo za Chibantu.

Tiyambe ndi munthu wosaona. Iye saŵerenga tsamba la khonsolo, amalimvetsera. M'foni kapena m'kompyuta mwake muli pulogalamu, monga TalkBack, VoiceOver kapena NVDA, imene imatchula mokweza zonse zolembedwa. Malangizo a dziko lonse otchedwa WCAG, amene mtundu wake wa 2.2 udatuluka mu 2023, amati tsamba lililonse lizilengeza chiyankhulo chake mwa chizindikiro chobisika, "tn" cha Chitswana, "ny" cha Chicheŵa, kuti pulogalamuyo isankhe liwu loyenera. Chizindikirocho chikasoŵa, kapena liwu la chiyankhulocho likakhala kuti mulibe m'foni, makina amaŵerenga Chitswana ndi lilime la Chingerezi. Aliyense amene adamvapo liwu lotere likuyesa kutchula "tlh" kapena "kg" akudziŵa kuti chotulukacho ndi phokoso chabe. Choncho khonsolo ikhoza kumasulira chidziŵitso chake bwino lomwe m'Chitswana, nkuyamikidwa kuti yalemekeza lamulo, pamene munthu wosaonayo yamutsekera kunja kuposa mmene Chingerezi chikadachitira.

Ngakhale liwu loyenera litakhalapo, patsala nkhani imene makolo athu m'ntchitoyi adatisiyira. Kalembedwe ka ziyankhulo zathu zambiri sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mcheŵa akaona mawu akuti "mtengo" amadziŵa kuchokera m'chiganizo ngati akunena za chomera kapena za ndalama, ndipo amakweza kapena kutsitsa liwu moyenera osaganizira nkomwe. M'Chitswana nkhaniyi ndi yoopsa kuposa apa. Mgwirizanitsi "o" akatchulidwa motsika amatanthauza "iwe", akatchulidwa mokwera amatanthauza "iye"; pa pepala onse aŵiri ndi "o". Tsono chiganizo chakuti "o tshwanetse go duela" chikhoza kukhala "uyenera kulipira" kapena "ayenera kulipira", ndipo m'kalata ya ngongole ya madzi kusiyana kumeneku si kwamaseŵera. Onjezanipo kuti Chitswana chili ndi malembo a liwu oposa asanu amene amalembedwa ndi zilembo zisanu zokha, pakuti zizindikiro za pa "ê" ndi "ô" zimasiyidwa m'zolemba za tsiku ndi tsiku. Woŵerenga ndi maso amabwerera m'mbuyo nakonza yekha; womvetsera amalandira chimene makina asankha.

Amene adakonza kalembedwe kameneka sadalakwe. Iwo ankalembera mwini chiyankhulo wokhala ndi maso, amene kamvekedwe ka mawu ali nako kale m'mutu, ndipo kudzaza tsamba ndi timizere kukadangomulemetsa. Sindikupempha kuti tisinthe kalembedwe ka m'sukulu. Chofunika ndi mtanthauziramawu wachiŵiri, wa makina, mmene liwu lililonse lalembedwa ndi kamvekedwe kake, pamodzi ndi malamulo a mmene kamvekedweko kamasinthira mneni akasintha nthaŵi kapena akakhala kumapeto kwa chiganizo. Zambiri za izi tidazifufuza kale. Zili m'mabuku athu a digiri, m'Chingerezi, pa mashelefu.

Ku South Africa ntchito ina idachitika. Bungwe la CSIR, kudzera m'ntchito ya Lwazi ndipo pambuyo pake Qfrency, lidapanga mawu a makina a ziyankhulo 11 zimene zidali za boma panthaŵiyo, ndipo likulu la SADiLaR pa North-West University ku Potchefstroom limasunga nkhokwe za mawu olembedwa ndi ojambulidwa. Potchefstroom ili m'chigawo chimodzi ndi Ledig. Koma liwu lokhala m'nkhokwe ya yunivesite silinafike m'foni yotsika mtengo ya mayi wosaona amene akufuna kulembetsa m'kaundula wa osauka, kuti banja lake lizilandira malita 6,000 a madzi ndi mayunitsi 50 a magetsi aulere pa mwezi monga mwa ndondomeko ya boma. Ndipo palibe liwu, ngakhale labwino chotani, limene lingaŵerenge fomu imene idangojambulidwa ngati chithunzi nkuikidwa pa intaneti. Kwa pulogalamu yoŵerenga, tsamba lotere ndi lopanda kanthu. Cholakwa ichi ndi chofala m'maofesi a boma kulikonse m'dera lathu, ndipo kuchikonza sikufuna ndalama, koma kalaliki wophunzitsidwa tsiku limodzi.

Chitsanzo cha magetsi chikuonetsa kuti nkhaniyi siithera pa tsamba la intaneti. Pofika pa 24 Novembala 2024, mamita a magetsi olipiriratu m'dziko lonselo adayenera kukonzedwanso, ndipo mwini nyumba ankachita zimenezi polemba pa mita manambala aatali a zilembo 20. Wosaona adayenera kumva manambalawo m'foni, kuwasunga m'mutu, nkuwabaya pa mabatani osayankhula. Ambiri akadati aitane mwana wa oyandikana nawo. Kuthandizana ndi mwambo wathu, koma si chifukwa chokakamizira munthu wamkulu kuululira mwana wa eni za ngongole ndi umphaŵi wake.

Za osamva ndinena mwachidule, ngakhale kuti kulakwa kwake nkozama. Anthu ambiri amaganiza kuti wosamva vuto alibe, popeza zonse za pa intaneti nzolembedwa. Koma kwa munthu wobadwa wosamva, chiyankhulo choyamba ndi chinenero cha manja, chimene chili ndi malamulo akeake; Chingerezi kapena Chitswana cholembedwa ndi chiyankhulo chachiŵiri chimene sadachimvepo. Mu Julayi 2023 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina kusintha kwa Malamulo Aakulu kumene kudapangitsa chinenero cha manja cha South Africa kukhala chiyankhulo cha 12 cha boma. Zaka khumi m'mbuyo mwake, pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela mu Disembala 2013, munthu adaima pamaso pa dziko lonse lapansi nkumagwedeza manja mopanda tanthauzo, ndipo mwa akuluakulu onse amene adali pansanja panalibe woti amuletse. Khonsolo imene ikufuna kuika kanema wa chinenero cha manja pa tsamba lake idzafuna munthu wodziŵa kuyesa womasulirayo, ndipo madipatimenti athu a ziyankhulo za mu Africa ndi ochepa amene amaphunzitsa munthu wotero.

Palinso mawu amene timatchula nawo anthuwo. Oŵerenga magazini ino akudziŵa kuti Chitswana chimaika "sefofu" ndi "segole" m'gulu 7 la mayina, monga Chiswahili chichitira ndi "kipofu" ndi "kiziwi", gulu limene mumakhalanso ziŵiya ndi zida. Sindili m'gulu la amene amati galamala yokha imabala tsankho. Komabe womasulira fomu ya boma ayenera kusankha, ndipo sayenera kusankha yekha. Kwathu mawu akuti "aulumali" akuloŵa m'malo mwa "olumala" m'zolemba za boma ndi pa wailesi, ndipo oyenera kugamula za mawu otere ndi eni ake.

Mcheŵa wa ku migodi amene maso adafa ali pambuyo pa onseŵa, pakuti chiyankhulo chake sichili pa mndandanda wa 12 uja, ndipo palibe khonsolo ya ku North West imene lamulo lingaikakamize kumulembera. Liwu lake liyenera kuchokera ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Maputo. Bungwe la Chicheŵa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, lidatipatsa malamulo a kalembedwe, ndipo Centre for Language Studies, imene idaloŵa m'malo mwake mu 1996, idatipatsa mtanthauziramawu. Chimene ndikupempha anzanga a kumeneko, pamodzi ndi a Chinyanja ku Zambia ndi ku Mozambique, ndi kuti titenge mtanthauziramawu womwewo, tilembe kamvekedwe pa liwu lililonse, tijambule oyankhula a ku Kasungu, ku Chipata ndi ku Angónia, ndipo oyamba kumvetsera ndi kutiuza pamene makina akunama akhale a Malawi Union of the Blind.