Zikope zofiira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Omvera athu a ku Mponela, Madisi, Malomo ndi m'mapiri monse mwa Dowa ndi Ntchisi, fumbi la chilimwe lafika, ndipo ena mukudzuka zikope zitamatana ndi manthongo.

Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya maso ya trachoma ngati vuto lalikulu la zaumoyo m'dziko muno. Komatu si diso lililonse loyabwa lomwe lili ndi trachoma. Pali nthenda ina, madokotala amati blepharitis: timabowo totulutsa mafuta m'mphepete mwa chikope timatsekeka, tizilombo n'kuchulukana, chikope n'kufiira, nsidze n'kumathothoka. Sipatsirana ayi, koma ndi yokakamira; imapita n'kubweranso, ndipo utsi wa kukhitchini umaiputa.

Chithandizo chachikulu chili pakhomo pomwepo. Viikani kansalu koyera m'madzi ofunda, kaikeni pamaso mutatsinzina kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako pukutani m'mphepete mwa zikope pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Zodonthezera m'maso mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba zija, zisiyeni. Mankhwala achikuda a m'maso achititsapo anthu khungu.

Diso likamapweteka, kapena mukayamba kuona mwachimbuuzi, musazengereze. Pitani kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi akakuoneni.