Cuma cobisika manje acibisa kawili

Mu May 2000, Dave Ulmer anabisa ndowa ku Oregon, America, n'kuika manambala a GPS pa intaneti kuti aliyense akaisake. Lamulo linali lapafupi: ukatengamo kanthu, usiyemo kanthu. Ndiye ciyambi ca masewela a Geocaching. Mu September caka comweco, Geocaching.com inayamba ndi malo 75 cabe, onse aulele.

Manje malowo apitilila 3 miliyoni, ndipo masewelawa analowa mu app ya pa foni. Zapepuka, sitikana. Koma app yaulele imatibisila malo ovutilapo mpaka tilipile Premium, pamwamba pa bandulo imene tagula kale. Kampani ipeze ndalama, inde. Koma amene amabisa mabokosiwo m'thengo, n'kumawakonza mvula ikawaononga, ndi osewela anzathu, ndipo salandila ngakhale ngwee.