Mnyamata wa pafoniyo mpatseni buku la timu

Inu amene mumayendetsa timu ya mpira kwanuko, kaya ndi ku Chia, ku Benga, ku Liwaladzi kapena ku Dwambazi, mukudziwa mmene matimu athu amafera. Anyamata odziwa kugoletsa sasowa. Timu imafa tsiku limene mafuta a galimoto yopita kukasewera koyenda asowa, msungichuma wangoti kakasi, ndipo palibe wofotokoza kumene zinapita ndalama zimene anthu anasonkha mwezi watha.

Tsono pali mnyamata uja mumamukalipira kuti akutha nthawi pafoni. Musanamulande foniyo, onani kaye chimene akusewera. Ngati akubetcha, mdzudzuleni ndithu. Koma ngati ndi masewero oyendetsa timu, monga Football Manager kapena Top Eleven, ine ndikuti ameneyo ndiye munthu amene komiti yanu ikumusowa.

M'masewero amenewa munthu sakhudza mpira n'komwe. Amatenga timu, ndipo ambiri amakonda kuyamba ndi yaing'ono ya m'ligi yapansi, ya thumba lopyapyala. Akagula wosewera wodula, malipiro ake amadya thumba lonse. Akaseweretsa mnyamata mmodzimodziyo magemu atatu pasabata, amavulala. Akagonja motsatizana, eni timu amamuchotsa ntchito. Football Manager inachokera kwa abale awiri a ku England, Paul ndi Oliver Collyer, amene anaitulutsa koyamba mu 1992 pa dzina loti Championship Manager. Mu 2008 timu ya Everton inachita mgwirizano woti izigwiritsa ntchito mndandanda wa osewera wa m'masewerowa pofufuza anyamata atsopano. Si zoseweretsa za ana chabe.

Sindikunena kuti foni imadziwa zonse. Siidziwa kuti theka la timu yanu ndi alovi amene achezera usiku wonse panyanja kukoka chilimira, agona maola awiri, kenako masana akathamange mphindi 90 padzuwa la Okutobala. Siidziwa likodzo, lomwe kuno kunyanja ena amaliyesa chizindikiro choti mnyamata wakula. Wokodza magazi kwa miyezi amachepa magazi m'thupi ndipo amatopa msanga, chimodzimodzi amene wangodzuka kumene malungo. Ochemerera amangomunena kuti waledzera dzulo kapena am'tsirika a timu inayo, ndipo ndalama yomwe ikanamufikitsa kuchipatala imapita kwa sing'anga. Chonsecho mankhwala a likodzo, praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Apa ndi pamene chizolowezi cha mnyamata wa pafoni chimagwira ntchito. Iye anazolowera kufunsa kuti uyu wasewera magemu angati, anavulala liti, n'chifukwa chiyani amazima chigawo chachiwiri. Mukam'patsa kope ndi cholembera, pakatha mwezi aona yekha kuti amene amafooka ndi omwewo sabata iliyonse, ndipo kochi adziwa woti apume ndi woti akayezetse.

Mwina mukuti mwana sangasunge ndalama. Musam'patse ndalama. Zikhale kwa msungichuma kapena pa Mpamba ndi Airtel Money, pomwe zimasiya mapazi. Iye azingolemba zolowa ndi zotuluka: chosonkha cha m'kabeseni, mpira, sopo wochapira jezi, oyimbira. Za maunitsi a intaneti ndi kugona mochedwa, mugwirizane naye malire monga kholo lililonse limachitira.

Boma lino linatulutsapo timu ya mu Super League, Dwangwa United, ndipo bwalo la Chitowe lalandirapo matimu akuluakulu obwera kudzasewera ndi MAFCO. Njira yopita kumeneko imadzera ku Central Region Football Association, ndipo imafuna kalembera wa osewera, ndalama yolowera m'ligi ndi maulendo a ku Salima, Kasungu ndi Lilongwe chaka chonse. Zikho za andale zimabwera chisankho chikayandikira, chikapita nazonso zapita, jezi zokha kutsala. Wamalonda amene mukufuna kuti athandize timu adzayamba wafunsa kuti chaka chatha munagwiritsa ntchito zingati.

Yambani ndi gemu ya Lamulungu likubwerali. Mnyamatayo akhale pambali pa kochi ndi kope lake, ndipo Lolemba awerenge zimene walemba pamaso pa komiti yonse, msungichuma ali pomwepo.