Ndewu ya Nsomba m'Thanki ya Galasi

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu ambiri amene amaŵeta nsomba za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi, osati kuti adzadyere nsima ayi, koma kuti azikondwera pakuziyang'ana. Mwa nsomba zimene amazikonda koposa muli zina zimene Angerezi amazitcha tang. Zilipo mitundu yoposa 80 ndipo n'zokongola zedi: ya ku Hawaii ndi yachikasu thupi lonse, pamene ina ya m'nyanja ya India, yopezekanso m'gombe la kum'maŵa kwa Africa, ndi yabuluu koma yakuda kumaso. Tsono woŵeta akaika ziŵiri kapena zitatu m'thanki imodzi, mtendere sukhalitsa. Tsiku lina amapeza imodzi itabisala kuseri kwa mwala, zipsepse zili zong'ambika, m'nthiti muli bala, ndipo amafulumira kudandaula kuti anamugulitsa nsomba yankhanza. Mlandu umenewu amauika pamutu polakwika.

Tang ndi nsomba yodya ndere. Kwawo kunyanja imaswera tsiku lonse ikubudula ndere zomera pamatanthwe, monga momwe mbuzi ichitira ndi msipu. Mitundu ina, monga yabuluu ija, imadzipatulira dera lakelake pathanthwe ndi kumalilondera ngati mlimi wolondera chimanga chake. Chida ilinso nacho. Mbali zonse ziŵiri za tsinde la mchira wake kuli kamunga kakuthwa ngati lumo, kamene kamagona m'kamzere nsomba ikakhala pamtendere, koma kamadzuka ndewu ikabuka. Ziŵiri zikakangana zimaima mogundana nthiti ndi kumakwapulana ndi michira.

Kunyanja ndewu yotere imatha msanga, pakuti wogonja amathaŵa osaonekanso. M'thanki ya mita imodzi wogonjayo akathaŵa amakagunda galasi ndi kubwerera pamaso pa mnzake yemwe uja. Wopambana akamuonanso amayesa kuti sanagonje, motero amam'pirikitsa kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Yozunzidwayo imaleka kudya, thupi limafooka, kenaka imagwidwa ndi nthenda ya timaŵanga toyera imene imadza ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon. Nthendayi sisankha, ikhoza kupululutsa nsomba zonse za m'thankimo, ngakhale wopambana uja.

Oŵeta anatulukira njira zambiri zochepetsera chidani. Amasankha nsomba zosiyana mtundu ndi maonekedwe, chifukwa tang imadana kwambiri ndi imene ikufanana nayo. Amaziloŵetsa zonse tsiku limodzi kuti pasakhale mwinimudzi ndi mlendo, kapena amayamba ndi yofatsa, yaukali n'kudza pomaliza. Ena amasuntha miyala yonse kuti malire akale aiŵalike, ena amasunga mlendoyo m'kabokosi koonekera mkati mwa thanki kwa masiku angapo, ndipo ena amapachika ndere zouma pamalo aŵiri otalikirana. Palinso amene amatsamiritsa kalilole pagalasi kuti yaukaliyo izilimbana ndi chithunzithunzi chake, ndipo kunena zoona imanyengekadi, koma kwa masiku oŵerengeka chabe. Njira zonsezi zimathandiza, ndipo palibe wozinyoza. Choipa n'chakuti ambiri amazigwiritsa ntchito pofuna kuzemba funso lenileni, lakuti kodi malowo akwanira? Akuluakulu anati atambala aŵiri salira m'khola limodzi, ndipo kusuntha zisa sikukulitsa khola.

Pano oŵerenga angakumbukire mbuna za m'Nyanja ya Malaŵi, zimene zimakhala m'miyala ya ku Cape Maclear, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, ndipo zimaŵetedwa m'mathanki dziko lonse lapansi. Nazonso zambiri zimadya ndere za pamiyala, ndipo zazimuna zimateteza malo awo mwaukali. Oŵeta mbuna amachita dala kuzichulukitsa m'thanki, kuti yankhanza isoŵe imodzi yoti iikakamire. Ena amatengera nzeru imeneyi kwa tang, koma amaiŵala kusiyana kwake. Mbuna zambiri ndi zazing'ono ndipo zimakhutira ndi mphako ya mwala. Tang yachikasu imafika masentimita 20, ina ya ku Nyanja Yofiira yotchedwa sohal imafika 40, ndipo zonsezi zimasambira kosalekeza ndi kufuna madzi a mpweya wambiri. N'zoona kuti kunyanja mitundu ina imayenda m'magulu a mazanamazana, koma kumeneko kulibe galasi. M'thanki yaing'ono gulu limangodetsa madzi ndi kufulumiza nthenda ija.

Nkhaniyi ikanakhala yachabe nsomba zikanakhala zopangidwa kufakitale. Tang yachikasu ikhoza kukhala ndi moyo zaka zoposa 30 kunyanja. Kwa zaka zambiri inkagwidwa yochuluka kwambiri m'matanthwe a Hawaii, ndipo mkangano wake unafika kukhoti, kufikira mu Januwale 2021 pamene khoti linaimitsa kugwira nsomba zogulitsa kwa oŵeta, ndipo mtengo wake unakwera kwabasi. Akatswiri a Oceanic Institute ku Hawaii komweko anakhoza kuiswetsa m'mathanki m'chaka cha 2015, koma mitundu yambiri ya tang ikuchokerabe kunyanja, kumene ntchito yake ndi kubudula ndere kuti zisakute matanthwe amoyo.

Choncho munthu amene thanki yake siifika mamita aŵiri m'litali ayenera kukhutira ndi tang imodzi, ndipo wofuna zingapo akhale ndi thanki yachiŵiri yoti apatuliremo yogonja ndewu ikakana kutha. Wogulitsa nayenso ali ndi mbali yake: asanaponye ukonde m'madzi, ayambe wafunsa wogulayo utali wa thanki yake ndi nsomba zimene zilimo kale.