ZA MAPHUNZIRO: ANA A KUMUDZI NDI SAYANSI YA ZAMOYO

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko amene anali ndi digiri anali ngati 100 cabe. Cifukwa ca ici anthu, ngakhale a m'midzi, anasonkha ndalama, mbuzi ndi nkhuku kuti dziko likhale ndi sukulu yaikulu yakeyake. Yunivesite ya Zambia inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1966 ndi ophunzira 312.

Mzambia woyamba kuiyendetsa, kucokera 1969 kufikira 1976, anali malemu Profesa Lameck Goma, mwana wa ku Lundazi. Iwo anali katswiri wa bayoloji, ndiwo maphunziro a zamoyo, ndipo anagwira nchito yofufuza za udzudzu ku Uganda asanabwerere kwao.

Makolo ambiri lero sawadziwa bwino maphunzirowa. Mwana akapeza malo ku Sukulu ya Sayansi, mudzi wonse umayamba kumucha dokotala. Komatu caka coyamba ndi mpikisano: amene akhoza koposa ndiwo amasankhidwa kupita ku udokotala wa anthu kapena wa ziweto. Mwana akapitiriza ndi bayoloji, ena kwao amanong'onezana kuti walephera. Kumeneko ndi kulakwa. Kashembe amene amapha ng'ombe ndi kudwalitsa anthu kaodzera ku cigwa ca Luangwa, ndiponso nchemberezandonda zimene zinagwa m'minda ya cimanga kumapeto kwa 2016, zimafuna anthu odziwa moyo wa tizilombo, kumene timaswana ndi cimene cingatiphe.

Nanga atsikana? Yunivesite, poona kucepa kwao, inawapatulira malo 30 pa malo 100 alionse, ndipo otsalawo amalimbirana pamodzi ndi anyamata. Koma malo sapindula kanthu kwa mtsikana amene anamucotsa pasukulu asanafike Giredi 12. Kucokera 1997 Boma limalola mtsikana amene anatenga mimba kubwerera kusukulu akabereka, ndipo lamulo la 2023 linaletsa ukwati uliwonse, ngakhale wamwambo, wa mwana wosakwanitsa zaka 18. Mafumu ndi ankhoswe alidziwe limeneli.

Pofuna malo, mwana ayenera kukhoza bwino maphunziro asanu, makamaka Cizungu, masamu ndi sayansi. Thandizo la Boma lolipirira ku yunivesite ndi ngongole, ndipo mwiniwake amaibweza akayamba nchito.