MTENGO WOBZALIRA CHITHUNZI SUTETEZA MUDZI



Nyengo yobzala mitengo, imene m'dziko muno imayamba pa 15 December kulekeza pa 15 April, yafikanso. Zimene zichitike tikuzidziwa tonse. Tidzavala mayunifolomu, kwaya idzaimba, aliyense adzanyamula mbande, mafoni adzajambula. Pofika October mbuzi zidzakhala zitabudula nsonga, dzuwa la kuchigwa kuno litapsereza zotsala. Chaka chamawa tidzafukulanso dzenje lomwelo. Mwambo umenewu ndikuutsutsa poyera, pakuti ndi chinyengo chovala nsalu ya chikhristu.

Taonani dambo lathu la Elephant Marsh. Mu 1859 David Livingstone anaonamo njovu pafupifupi 800, ndipo dzinali linachokera pamenepo. Lero dzina lilipo, njovu mulibe. Mu 2017 dambo lomweli linalembedwa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi. Koma kaundula sagwira dothi. Mapiri a Thyolo ndi zitunda za Chikwawa zikametedwa chifukwa cha makala ndi nkhuni, mchenga umatsikira mu Ruo, mu Mwanza ndi mu Shire. Mitsinje ikakwiririka, madzi amasowa njira, nalowa m'midzi. Dambo limene limatipatsa milamba, madimba a chilimwe, ngakhale nyika pa nthawi ya njala, tikulikwirira tokha.

Ena mudzati: "Madzi osefukira ndi chifuniro cha Mulungu, mtengo sungaletse namondwe." Zoonadi, mtengo sukanabweza Ana mu 2022, kapena Freddy mu 2023. Koma ndani analima mpaka m'mlomo mwa mtsinje, nazula bango lomwe? Ndani anagwetsa msangu umene atate ake anausiya pakati pa munda? Tisamunamizire Mulungu ntchito ya nkhwangwa zathu.

Werengani Genesis 2:15. Munthu woyamba anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja, yolima ndi yosunga. Ife tatola yoyamba, yachiwiri taitaya. Werenganinso Luka 13:6-9. Wosamalira munda uja sanapemphe mbande ina. Anapempha chaka chimodzi choti akumbire mkuyu wosabalawo ndi kuuthira manyowa. Pamenepo mpamene pali chikhristu: pa ntchito yobwerezabwereza, imene palibe amakuomberani m'manja.

Ndipo matendawa sali m'munda mokha. Mwana timamubatiza ndi nthungululu, koma ku Sande sukulu sitimuperekeza. Ukwati timaumanga ndi zoimbaimba, koma anthu awiriwo akayamba kufota palibe wowayendera. Makolo anati m'mera mpoyamba. Sanati m'mera ukatha kubzalidwa ntchito yatha.

Choncho chaka chino musabzale mitengo 100 yoti mukaionetse pa Facebook. Bzalani isanu yokha: nimu pakhomo, msangu m'munda, masau m'malire. Itchingireni ndi minga. M'chilimwe muziithirira ngakhale madzi otsukira mbale. Amayi a Mvano, achinyamata, ndi ife akulu a mpingo, poyendera mabanja tizifunsanso za mitengoyo monga timafunsira za odwala. October akadzafika, pamenepo jambulani, tione amene anali wokhulupirika pa chaching'ono.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.